TV Yoonera Munthu Mmodzi

Pembamoyo,
Chadiza.

Kwa Bwana Wamkulu,
Kampani ya Penyetsetsani,
Chipata.

Olemekezeka Bwana,

Pachikwangwani chanu chachikulu chija munalemba kuti TV yanu ndi yotsika mtengo, chithunzi chake ndi choyera ngati madzi a pamjigo, ndipo imasonkhanitsa banja lonse pamodzi. Ine sinditsutsana ndi mawu olembedwa ndi penti. Ndalemba kalatayi kuti ndithokoze.

Ndine mkamwini. Nyumba, munda, ngakhale mpando umene ndakhalira pano, zonse zili panthaka ya apongozi anga. Chaka chino akazi anga, a Keziya, anafuna kuti tikagulitsa nshawa tigule malata a khitchini. Ine, monga munthu wofika Giredi 12, ndinawaunikira kuti malata saonetsa nkhani za dziko. Ndinazungulira masitolo a ku Chipata tsiku lathunthu. Ma TV ooneka bwino anali a mtengo wa ng'ombe, a mtengo wa mbuzi anali a chifunga. Yanu yokha ndiyo inali ya mbuzi koma yowala ngati ya ng'ombe. Wogulitsa wanu anandiimika pakati penipeni kutsogolo kwa TV, n'kundionetsa nsomba zamawangamawanga zikusambira. Nditati ndisunthe pang'ono, anandigwira paphewa mwaulemu. Ndinayesa chikondi.

Zothokoza zanga ndi izi.

1. Chithunzi chilimodi, simunaname. Amachiona munthu mmodzi, wokhala pampando, moyang'anana ndi TV ndendende, khosi lili chilili. Akawerama kuti akande mwendo, osewera mpira onse amasanduka mizukwa.

2. Kuno amayi amakhala pamphasa. Ndikudziwa kuti akatswiri anu ndi anthu otanganidwa, sanapeze mpata wokhala pansi. Munthu akaonera pansipo, aliyense wa mu TV amakhala wakuda bii, mano obiriwira. Choncho a Keziya, amene anabzala nshawazo, kupalira, kukumba ndi kutongola, atha miyezi iwiri akumvera wailesi ya mainchesi 32. Makutu awo achenjera kwambiri, zikomo.

3. Apongozi sakhala pafupi ndi mkamwini. Akabwera amakhala pakhomo, cham'mbali, ndipo pamenepo TV yanu imaonetsa mdima wokhala ndi mawu. Lamulungu lina masana anaonetsa kwaya ya mpingo wathu, mmene amaimbamo mwana wathu woyamba wamkazi, Tinenenji. Apongozi anavala chitenje chatsopano kudzaona mdzukulu wawo. Ndinatuluka panja kuti ndiwasiyire mpando, koma iwo pampando wa mkamwini sangakhalepo. Anakhalapo a Yoweli, mkulu wa mpingo, amene maso awo onse ali ndi ng'ala. Mwana anaimba nyimbo ziwiri. A Yoweli anati mwina ndi wachitatu kuchokera kumanzere, koma uja anali mwamuna. Apongozi sanandiyankhule, mwambo sulola. Anangouza nkhuku imene inkadutsa kuti amuna ena pokwatira amabwera ndi khasu, ena amabwera ndi mdima wa limoti.

4. Musaganize kuti sindinayese. Ndinaipendeketsa ndi njerwa kuti iyang'ane pamphasa, koma woona anali mmodzi yekha wapakati, ena n'kuyamba kukankhana. Ndinaitembenuzira kukhomo, dzuwa linaisandutsa galasi, apongozi n'kudziona okha atakwiya. Apo ndivomereze, chithunzi chinali choyera zedi.

5. Ndinaibereka panjinga mpaka paboma, n'kukwera nayo minibasi kubwerera kusitolo kwanu. Wogulitsa uja anandiimikanso pakati, kundigwira paphewa, nsomba zija n'kubwera. Anandifotokozera moleza mtima kuti waranti imateteza TV, siteteza malo amene abale anga amakonda kukhala. Sindinkadziwa kuti vuto ndi apongozi. Maphunziro otere kwina amalipiritsa.

Tsono Bwana, pempho langa ndi laling'ono. Loweruka likudzali ankhoswe a mbali zonse ziwiri akumana kuti aone ngati munthu wosinthanitsa denga ndi mdima ayenera kukhalabe pamudzi pano, kapena anyamule TV yake abwerere kwawo ku Zemba. Ine mawu andithera. Ndikupempha modzichepetsa kuti mubwere nokha mudzawafotokozere ubwino wa chithunzichi, poti inu ndinu munachiona bwino koposa tonse. Musavutike kunyamula nsomba zija, tidzatsegula nkhani za masana. Pampando padzakhala amalume a Keziya. Inu tidzakuyalirani mphasa yatsopano, cham'mbali, pafupi ndi khomo.

Ine wanu wokhala mowongoka khosi,
Whiteson Mvula

Ndinaiwala: mvula yayamba, khitchini ikudontha, ndipo a Keziya ndi ana akugona kwa amayi awo kuyambira Lachiwiri.