Mayi wa pachipata amene ndinkamupatsa moni

Mpaka lero pali banja lina lachinyamata ku Fonte Boa limene likandiona limayamba kutsokomola pobisa phwete. Sindilidandaula. Ndinaziputa ndekha.

Nkhaniyi inayambira ku Malawi nthawi ya nkhondo. Ndinathawira kumeneko ndi amalume kuchokera kwathu ku Domwe ndili kamnyamata, amayi n'kutsala, akuti atitsatira akakolola. Pamishoni ina ku Dedza panali wansembe wina amene anali ndi kamakina ka masewera kolumikiza ku wailesi yakanema, ndipo Loweruka ankatilola kusewerako. Anali masewera aja a ulendo wautali: iwe ndiwe mnyamata wa lupanga, ukuyenda mudzi ndi mudzi, kucheza ndi anthu, kulimbana ndi zilombo. Zithunzi zake zinali timadontho tokhatokha, munthu wathunthu kuchepa ngati nyemba. Mawu anali a Chingerezi, ine Chingerezicho osachidziwa, ndiye nkhani yake ndinkangopeka ndekha.

Pachipata cha mudzi woyamba pankaima mayi wina wojintcha, wovala zofiirira, dzanja limodzi lili m'mwamba. Ukamachoka, akukutsanzika. Ukabwerako utavulazidwa ndi zilombo, ali pomwepo, dzanja lili m'mwamba. Sankayankhula. Ine sindinkamudutsa osaima n'kumupatsa moni.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo kutchalitchi ndimalangiza achinyamata okonzekera ukwati. Za mayi ameneyu ndalalikira zaka zonsezi (inde, munthu wa m'masewera, musandiyang'ane choncho). "M'banja mumafunika kudikirana," ndinkatero. "Mnzako akachoka, akupeze pomwe anakusiya, ngati mayi wa pachipata." Anthu ankagwedeza mitu, ena mpaka kupukuta misozi.

Ndiye chaka chatha alamu anga, mchimwene wa akazi anga amene amalemba za katundu kumalire a Kalomwe, anabwera ndi nkhani.

"Alamu, jogo yanu ija mumatisokosa nayo, masewera a ku Dedza aja, aipanganso. Si kampani ayi, ndi anthu wamba oikonda, a m'mayiko osiyanasiyana. Aimanganso yonse ndi makina amakono opangira masewera, mwala ndi mwala, popanda wowalipira."

Munthu wanzeru akanayamba waiona yekha. Ine ndinaitana kalasi yonse ya ukwati, akazi anga, ndi akatekisiti omwe, kuti Lamulungu masana adzaone mayi uja ndi maso awo.

Alamu atayatsa kompyuta yawo, ndinangoti kukamwa yasa. Abale, anthu ali ndi manja! Pamene kale panali timadontho tobiriwira, tsopano panali udzu weniweni ukuweyuka ndi mphepo. Nkhungu inkatsika m'phiri ngati mmene imachitira kwathu mu Juni. Mtsinje umene ndinkauona ngati kamzere kabuluu unali ndi miyala pansi pake, madzi akunyezimira. Koma chondizunguza mutu kwambiri chinali chakuti sanasunthe kanthu. Njira inkakhota pomwe inkakhota kale, mlatho unali pamalo pake. Ndinkayenda osafunsa njira m'dziko limene maso anga anali asanalionepo. Thupi lonse linachita tsemwe. Ndinaganiza za anthu osadziwana nane, kutali uko, amene anakonda kamudzi kameneka monga ine, mpaka kukhala pansi n'kudzala udzu wake umodziumodzi.

"Konzekani," ndinauza kalasi. "Tikangokhota apa, mumuona."

Tinakhota. Chipata chinalipo, chokongola, chamatabwa akale.

Pambali pake panali chitsa. Chitsa chachikulu chofiirira, nkhwangwa itazikidwa pamwamba, mpini wake utaloza kumwamba.

Ndinazungulira chipatacho kawiri (mwina wapita kukatunga madzi, ndinadzinamiza), koma kunalibe munthu.

"Apulofesolo," anatero mtsikana wina amene ukwati wake unali pafupi, mwaulemu wake wonse, "ndiye kuti m'banjamo tizikakhala ngati chitsa?"

"Nanga nkhwangwayo azigwira ndani?" anafunsa bwenzi lake.

Akatekisiti anatuluka panja atagwira pamimba. Akazi anga anabisa nkhope m'chitenje, mapewa okha akugwedezeka. Ine, m'malo mongovomera, ndinayamba makani.

"Alakwitsa anthu amenewa! Amuchotsa! Ana a masiku ano salemekeza zakale!"

"Pepani alamu," anatero alamu anga, "koma anaikamo batani loonetsa zithunzi zakale, kuti munthu azifananiza."

Anadina. Dziko lonse lokongola lija linabwerera kukhala timadontho, ndipo mayi wanga uja anali pomwepo, dzanja m'mwamba. Anadinanso: chitsa. Anadinanso: mayi. Atabwezanso zakalezo kachitatu, ngakhale m'timadontho takale tija ndinayamba kuona chitsa, mpini ndi mizu yake yomwe. Anthuwo sanalakwitse kadontho n'kamodzi komwe. Kunena zoona ndinawagomera, ngakhale anali atangondilanda munthu.

Kalasi itabalalika, akazi anga anandifunsa akupukuta misozi ya kuseka, "Koma inu bambo, zaka zonsezi kupereka moni kwa chitsa? Simunadabwe kuti sakuyankha?"

"Ndinkati watopa ndi kudikira," ndinatero. Kenako pakamwa panatuluka zimene sindinakonzekere. "Paja amayi anati atitsatira. Titabwerera ku Domwe tinapeza nyumba ilibe denga, pakhomo palibe munthu."

Akazi anga anasiya kuseka. Anangotenga chitenje chija n'kundipatsa kuti nane ndipukutire m'maso.

Phunziro ndalitolapo: chinthu uziyamba wachiona wekha usanaitane mpingo. Ku kalasi ya ukwati ndinasintha chitsanzo, tsopano ndimanena za njiwa ngati alangizi ena onse. Koma alamu akabwera ndi kompyuta yawo ndimaseweranso, ndimagoma nawo udzu uja ndi nkhungu ija ngati koyamba. Kungoti ndikayandikira chipata ndimavula magalasi, zonse n'kuchita mbuu, ndipo ndimaima pang'ono n'kunena chapansipansi kuti, "Ndabwerako, amayi."