Chigayo cha Kuseri kwa Khoma

Masiku ano ndikakumana ndi amayi osenza nkhuni akutsika phiri la Zomba, ndimayang'ana kumbali ngati ndikuwerenga chikwangwani. Amandidziwa. Kwa iwo ine ndine "bambo amchere aja", ndipo dzinali sindinalipeze mwaulemu.

Anayambitsa zonsezi ndi msuweni wanga, woyendetsa thiraki njira ya ku Beira. Tsiku lina anandibweretsera tinsomba ta m'nyanja yamchere, tofiira tamizere yoyera, pamodzi ndi thanki yagalasi. Ine, mphunzitsi wosakwatira wokhala nyumba ya lendi ku Chinamwali, ndinatikonda ngati ana anga. Ndinasunthira ngakhale bedi langa kukhoma linalo kuti thankiyo ipeze malo abwino. (Aneba ankabwera kudzationa, koma funso linali limodzi: "Tikula liti kuti tilawe?")

Tinsomba timeneti ndi tamatama. Madzi ake amafuna mchere wakewake, komanso aziyenda usana ndi usiku ngati mafunde, apo ayi timafa. Ndiye muthankimo munali pampu yong'ung'uza osapuma. Magetsi akazima ndinkailumikiza ku batire ya galimoto.

Nyumba yanga ndi yogundizana khoma ndi ya eni ake, Abiti Sumani. Mayiwa amagulitsa nsalu mumsika, ndipo chinthu sanena kawiri. M'mawa wina anandipeza ndikutsuka m'kamwa panja.

"Aphunzitsi, mwatsegula chigayo m'nyumba mwangamu?"

"Ndi kapampu ka nsomba chabe, mayi."

"Kapampu! Ine tulo sindikutiona. Mwezi uno ukamatha, chimene chikulirimacho chituluke. Chikakana, mutuluke nacho limodzi."

Ndinachita mantha, sindinama. Nyumba yosadontha, yokhala ndi mpope pakhomo, ku Chinamwali siipezeka wamba. Ndinaimbira msuweni uja, ndipo ulendo wotsatira anandisiyira mapampu atatu. "Usankhepo yachete," anatero, "enawo ndikabweza."

Apa ndi pomwe panagona vuto. Ungamve bwanji pampu yachete ku Chinamwali masana? Kuno owotcherera zitseko, uko ometa tsitsi ndi zimasipika zawo, kwaya ikuphunzira nyimbo, mabelu a akabaza. Mapampu onse atatu ankaoneka aulemu. Ndiye ndinaganiza zokawamvetsera kumalo kopanda phokoso, kuphiri. Sindinafunse munthu aliyense. (Paja nzeru za yekha anaviika nsima m'madzi.)

Loweruka ndinakwera njinga yamoto ya kabaza nditanyamula chidebe, batire, mawaya, mapampu aja ndi jumbo ya mchere. Mcherewo ndinatengera chikhulupiriro choti pampu imalira mosiyana m'madzi amchere. Musandifunse kuti ndinazitenga kuti.

Ndinapeza malo abata m'mphepete mwa damu la Mulunguzi, lomwe tauni yonse imamwa madzi ake. Ndinatunga madzi, ndinathira mchere, ndinatakasa ndi kamtengo. Kenako ndinalumikiza mawaya, ndinagwada, ndinatsamiritsa khutu pachidebe, maso nditatsinzina. Taganizani mmene ndinkaonekera: bambo wa tayi, ufa woyera m'manja, mawaya mbwee, atagwadira chidebe pafupi ndi madzi a anthu.

"Mayo! Akuthira mankhwala m'madzi!"

Potsegula maso ndinali nditazingidwa. Panali amayi a nkhuni, abambo ogulitsa mabulosi kwa alendo, ndi mlonda wa nkhalango wamtali, chibonga chili m'manja.

"Ndi mchere, bwana," ndinatero.

"Mchere wa chiyani?"

"Wa nsomba."

"Nsombazo zili kuti?"

"Kunyumba."

"Ndiye mcherewu wabwera kudzapitidwa mphepo?"

Ndinayesa kufotokoza za nyanja ya ku Beira, koma ndikamalankhula ndi pomwe ndinkamveka ngati wamisala. Mayi wina anamasula kapu pansalu yake. "Ngati ndi mchere, amwe."

Ndinamwa. Abale anga, madzi amene aja nsomba zokha ndi zomwe zimawatha. Anthu anandiyang'anitsitsa kudikira kuti ndigwe. Sindinagwe, zomwe zinakhumudwitsa ena. Mlonda anati ndimwenso kapu ina kuti atsimikize, ndipo ndinamwa misozi ikulengeza.

Atakhutira kuti sindifa, anafunsa bwinobwino chimene ndinabwerera. Nditatchula za Abiti Sumani ndi kutha kwa mwezi, nkhope yake inasintha. Anati nayenso ndi wa lendi, amazidziwa.

"Nonse chete!" anakuwa. "Tiwathandize aphunzitsiwa."

Gulu lonse lija linanjuta mozungulira chidebe, makutu ali tcheru. Ndinayatsa pampu yoyamba.

"Iyi ndi udzudzu," anatero mayi wa kapu uja. "Ichoke."

Ndinayatsa yachiwiri.

"Filiji ya m'golosale," anatero wa mabulosi.

Nditayatsa yachitatu kunali zii. "Yazima?" wina anafunsa monong'ona. Koma madzi ankazungulira m'chidebemo. Anthu anawomba m'manja, mayi wina mpaka anaimba nthungululu. Ndinatsika phiri ngati ngwazi, kungoti m'mimba munayamba kubwadamuka. Za kangati ndinaimitsa njinga kuthamangira patchire, zimenezo n'zapakati pa ine ndi wa kabaza.

Madzulo ndinaika pampu yatsopano. Tinsomba tinkasambira mosangalala, m'nyumba muli bata ngati m'tchalitchi Lolemba. Ndinagona mtima uli m'malo.

Kutacha, chitseko go go go! Abiti Sumani, maso ofiira, foni ili m'manja.

"Aphunzitsi, chigayo chija chagaya mpaka m'bandakucha."

"Sizingatheke, mayi! Lowani mumve nokha."

Analowa, anaika khutu pagalasi, anapukusa mutu. "Si ichi. Changa ndachijambula." Anadina foni.

Munamveka kulirima kwakuya, ngati thiraki yokwera chitunda. Kenako kupuma pang'ono. Kenako kalikhweru. Kenako kulirima kuja. Ndinali pafupi kunena kuti mwina ndi jenereta ya aneba, pomwe chigayocho chinatsokomola n'kulankhula ndi mawu amene ndimawadziwa bwino:

"Ndi mchere, bwana... ndi mchere."

Mayiwo anayang'ana bedi langa, lomwe linagunda khoma la kuchipinda kwawo kuyambira tsiku limene nsomba zinabwera, kenako anandiyang'ana ine. Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuliza mkonono wotere? Komanso munthu wogona yekha angamuuze ndani?

"Nsombazi zilibe mlandu," anatero Abiti Sumani modekha. "Ndi alendi abwino, zikhale. Koma ine ndinati chimene chikulirima chituluke."

Ndinachonderera kuti ndibweza bedi pamalo ake akale. Anakana, ati khutu lawo lazolowera kale, lizindipeza paliponse m'nyumbamo. Pomaliza anandichitira chifundo: kuseri kuli kakhitchini kapanja, kutali ndi khoma lawo.

Ndi komwe ndikugona mpaka lero, pakati pa thumba la makala ndi mbaula. M'mawa uliwonse ndimagogoda kaye, mwa chizolowezi chabe, ndisanalowe kukadyetsa eni nyumba atsopano. Phunziro ndiye ndalitola: usanakwere phiri kukasaka phokoso, yamba wafunsa wa kuseri kwa khoma kuti likumveka bwanji. Komabe msuweni wanga ndamutuma kale. Akakafika ku Beira afunsefunse ngati kuli pampu yachete yokwana munthu wamkulu.