Ming'oma Yopanda Njuchi ya a Binwelo

Mwambi uwu akuti unayamba chonchi, kwa Kamphambe, mudzi wa m'mphepete mwa nkhalango komwe njovu zinkalowa m'minda ngati zinalima nawo.

Kumeneko kunali mkamwini wina dzina lake a Binwelo. Anali munthu wolimbikira khasu koma wamanyazi zedi. Anakulira ku esiteti ya tiyi, ndipo atangofika pamudzipo anafunsa ngati njovu imaluma. Alamu awo anaseka mwezi wathunthu. Kuyambira tsiku limenelo a Binwelo analumbira kuti sadzafunsanso kanthu pagulu.

Chaka china chimanga chawo chinakula bwino kwabasi, ndipo banja lonse linkadalira munda umodzi womwewo. Ndiye kunabwera mlangizi wa za nyama zakutchire, Mayi Chisale, kudzaphunzitsa anthu kutchinga minda ndi ming'oma ya njuchi. Ming'omayo amaipachika pawaya kuzungulira munda. Njovu ikagunda wayayo njuchi zimatuluka, ndipo njovu, ndi ukulu wake wonse uja, imaopa njuchi.

A Binwelo anafika pamsonkhanopo mochedwa chifukwa mbuzi inadula chingwe. Anapeza anthu akubalalika. Mayi Chisale anawapatsa ming'oma inayi, waya, ndi kanthu kachikasu kozungulira, kosalala, kokulunga m'pepala.

"Zamveka zonse, bambo?" anafunsa mayiwo.

A Binwelo anaona alamu awo, a Gomani, ataima pafupi makutu ali tcheru.

"Zamveka," anayankha.

Panjira anakanunkhiza kanthu kaja. Kankanunkhira uchi. Anakumbuka kuti pamisonkhano amagawa tokamwetsa pakamwa, ndiye anakaluma. Anatafuna kuchokera padibi mpaka pachigayo, koma sikankatha. Anatafuna mpaka nsagwada zinawawa, kenako anangomeza ndi madzi a pamjigo.

"Mukutokosa chiyani m'manomo, abambo a Esime?" anafunsa akazi awo, a Nangondo.

"Siwiti wa pamsonkhano. Koma sakoma ayi, sunaphonye kanthu."

Ming'oma anaipachika bwino, mwina kuposa aliyense. Patapita milungu itatu, ya anzawo inali ng'ung'ung'u ndi njuchi. Mwa a Binwelo munalowa buluzi mmodzi basi.

"Kafunseni kwa achimwene," anatero a Nangondo.

"Aa, njuchi zimayamba mbali imodzi. Zikubwera."

Anathiramo shuga, kunabwera nyerere. Anaikamo maluwa a dzungu, anafota. Tsiku lina a Nangondo anawapeza atagwada, pakamwa ali pabowo la mng'oma, akung'ung'udza ngati njuchi kuti mwina zenizenizo zimva kuti muli anzawo.

"Amuna anga, mwayamba liti kukhala m'ming'oma?"

Anadzuka n'kusasa fumbi m'maondo, koma kukafunsa sanapite.

Chimanga chitayamba kukhwima, njovu zinabwera. Mapazi ake anaoneka m'mawa: zinayesa kwa a Gomani n'kubwerera, zinayesa kwa oyandikana nawo n'kubwereranso. Zitafika kwa a Binwelo zinangokankha waya n'kulowa. Theka la munda linali gwa pansi. A Binwelo anakhala pamzere atagwira mutu, ana awo akutola zitsononkho zotafunidwa.

Mayi Chisale anafika anthu atasonkhana kale. Anatsegula mng'oma umodzi, buluzi uja n'kuthawa. Anaununkhiza mkati.

"Bambo, phula lija munapaka?"

"Phula liti, mayi?"

"Lija ndinakupatsani m'pepala. Limenelo ndi lomwe limaitana njuchi."

A Binwelo anayang'ana pansi, anayang'ana kumwamba, kenako anagwira pamimba.

"Ndinapaka," anatero ndi mawu otsika, "koma osati mumng'oma."

"Mayo ine!" anakuwa a Nangondo. "Siwiti uja!"

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. A Gomani anaseka kuposa onse, koma ataona nkhope ya mlamu wawo ndi ana aja, kuseka kunawathera.

"Alamu, bwanji osandifunsa?"

"Ndinakufunsani kamodzi za njovu," anayankha a Binwelo.

Apa a Gomani ndi amene anayang'ana pansi. Madzulo omwewo anafukiza utsi pa ming'oma yawo iwiri yodzaza njuchi, n'kukaipachika kwa mlamu wawo, ndipo theka lotsala lija linapulumuka. Pokolola, amayi a pamudzipo anabweretsa aliyense lichero la chimanga kwa a Binwelo.

Chiyambire pamenepo a Binwelo ankafunsa chilichonse, ngakhale mapiritsi a kuchipatala ankayamba afunsa ngati ndi omeza kapena opaka. Ndipo mwana akakhala duu chifukwa cha manyazi, a Binwelo ankamuyandikira, n'kudzisisita pamimba, n'kumuuza kuti, "Funsa mwanawe. Safunsa anadya phula."