Ine Filomena, Chiphadzuwa cha ku Bangwe

Sekani ndithu, mano mukadali nawo. Ndakuonani mukutsinana pamene ndanena kuti kamtsikana kali pa foni yanuko sikadziwa kuyenda. Mumtima mukuti gogo wosesa tsitsi mu saluni angadziwe chiyani za mpikisano wa chiphadzuwa. Chabwino. Amene akuti ndikunama anyamuke pompano apite ku Zingwangwa, akaimitse munthu aliyense wa imvi, akamufunse kuti Filomena wa ku Bangwe anali ndani, ndipo akakapeza mmodzi yekha wopukusa mutu, abwere adzandimete mpala ndi lumo lobuntha, ine sindidzalira.

Zinali zaka zija matipate atangolowa, aliyense atatsegula pakamwa nthawi imodzi, akazife titayamba kuvala mathalauzi popanda wotigwira pa msewu, kaunjika atadzaza mu Limbe mpaka posowa popondera. Ine ndinali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Kukongola kwanga sikunali kwa mafuta a m'botolo ngati kwanuku. Ndikapita kukatunga madzi pa mpopi woti wauma masabata atatu, madzi ankabwera okha ndisanatule ndowa, ndipo ndikachoka ankasiyanso, moti amayi a m'dera lathu ankachita kundipempha kuti ndikhale kaye pamwala mpaka onse atunge, ndipo ndikakwera minibasi kondakitala ankaiwala kuitanira, dalaivala ankayendetsa maso ali pa kagalasi, mpaka tsiku lina minibasi yopita ku Limbe inakapezeka pa Kameza anthu onse ali phee, palibe ndi mmodzi yemwe wodandaula. Agalu a ku Kanjedza, oti ankaluma ngakhale eni ake, ine ankandiperekeza pa mzere ngati ana a sukulu. Mukumva? Ndikunena zimene maso a anthu anaona.

Ku Kanjedzako ndinkapita chifukwa ababa, a Zuze, anali khukhi kwa bwana wina kumeneko. Anachoka kwathu ku Nsanje ali mnyamata, ndipo zaka makumi atatu zonse anazithera chilili pa chitofu cha eni ake, mpaka maso anayamba kuchita chifunga. Ku tchalitchi anali mkulu wa limana, munthu woti akaimirira kuwerenga Mawu ngakhale makanda ankasiya kulira. Ana anabadwa asanu, ndinatsala ndine ndekha. Sankandiitana Filo ngati anthu ena. Ankatchula dzina lonse, pang'onopang'ono, ngati akulawa msuzi.

Tsiku lina ndinaona chipepala chomata pa mtengo wa magetsi. Mpikisano wa chiphadzuwa, mu holo ina ku Zingwangwa, Loweruka masana, poti masiku amenewo azikwanje anali atachuluka ndipo kukada aliyense ankakhala kwake. Wopambana alandira makina osokera atsopano. Ine kusoka ndinali nditaphunzira kwa masisitere, koma makina ndinalibe. Ndinaima pansi pa mtengo uja ndikuwaona makinawo ali pakhonde pathu, ine ndikupalasa, ababa atakhala pa mpando osapitanso kukapsa ndi mafuta a bwana. Ndinalembetsa tsiku lomwelo.

Nkhani siichedwa ku Bangwe. Inawapeza ababa isanathe sabata. Sanakalipe. Anamaliza kudya, anasamba m'manja, kenaka anati, “Filomena, mwana wanga sayendetsedwa pamaso pa amuna ngati mbuzi ya pa msika. Ukapita kumeneko, dzina langa ulisiye pano.”

Ine ndinavomera ndi pakamwa, koma Loweruka litakwana, ababa atapita ku ntchito, ndinauza amayi kuti ndikupita ku kwaya. Anaona jumbo imene ndinanyamula, ndipo sanafunse.

Tsopano tcherani makutu. Tsitsi langa analiwongola ndi chipeso chamoto amayi atatu mosinthana, makala anatha thumba lathunthu, ndipo litawongoka linafika m'zidendene n'kutsalako lina loti mtsikana wa neba analukira nalo mutu wake wonse, koma zimenezo n'zochepa, nkhani inali pa gogoda zimene ndinakazipeza pa kaunjika ku Ndirande, gogoda zoti nditazivala ndinaona phiri la Mulanje lonse ndili pakhomo pathu, n'kuonanso Shire uko akunyezimira ndi azakhali anga akuchapa m'mphepete, ndipo minibasi iliyonse inalephera kundinyamula chifukwa mutu unkatulukira pamwamba, choncho ndinauyamba wapansi, go, go, go, kuchokera ku Bangwe kudutsa mu Limbe, ndipo mavenda anasiya katundu wawo pansi n'kunditsatira, akuba nawo anasiya katundu yemweyo n'kutsatira mavenda, magalimoto anaima kuyambira ku Limbe mpaka mu tawuni, apolisi a pamsewu anavula zipewa, anthu a zipani ziwiri amene ankagendana pa mphambano anataya miyala n'kuyamba kuimba nyimbo imodzi, ndipo ndege imene inkapita kukatera ku Chileka inazungulira kasanu pamwamba panga mpaka azungu anali m'katimo anayamba kusanza. Mukumva? Phiri la Ndirande, lija anthu anali atalimeta mitengo yonse, linaphuka masamba tsiku limenelo, mawa lake linayoyolanso.

Mu holo munali atsikana mazana atatu, ena ochokera ku Joni. Atangondiona ambiri anayamba kulira n'kumavula ndolo. Amene analimba mtima anali mmodzi, Giresi wa ku Chilomoni, mwana wa mwini golosale, atavala wigi yofiira ndi diresi logula mu shopu. Langa ndinasoka ndekha pa manja, ndi nsalu ya katani imene mkazi wa bwana wa ababa anataya. Majaji anali atatu, amuna awiri a mimba ndi mayi mmodzi wa magalasi.

Tinayamba ndi zovala za chitenje. Nditangoponda pa nsanja, nthungululu zimene zinamveka zinazula denga la holo lonse ndi misomali yomwe, linauluka kudutsa Ndirande n'kukatera ku Machinjiri pa nyumba ya munthu wina amene anali atangomaliza kumanga zipupa, ndipo iyeyo anangogwada n'kuthokoza Mulungu. Pa ulendo wachiwiri, wa madiresi, ndinatembenuka kamodzi kokha, magalasi a jaji wamkazi uja anasungunuka n'kutsikira m'masaya, jaji wina anameza cholembera, woimba gitala anadula nsambo zonse koma gitalayo inapitiriza kulira yokha. Giresi anapunthwa, wigi inapita uko. Makina osokera anali pambali pa nsanja atawamanga riboni, ndipo ndikukuuzani, anayamba kupalasa okha nditawadutsa.

Kenaka unafika ulendo wachitatu, wa zovala zosambira.

Ine zimenezi sindinkazidziwa. Pa chipepala paja sanalembe. Ku Zingwangwa kulibe nyanja, koma anatipatsa tinsalu toti ukapinda tikwana m'dzanja, akuti ndi mmene amachitira kunja. Atsikana ena anaseka n'kuvala. Ine ndinakhala ndi kansalu kanga m'manja nthawi yaitali, kuseri kwa katani, ndikumva anthu akuitana nambala yanga. Ndinasuzumira, ndinaona makina aja. Ndinavala.

Nditatuluka, phokoso linali lina, losiyana ndi loyamba lija. Munali malikhweru ambiri kuposa nthungululu. Ndinayenda mpaka kutsogolo, ndinaika dzanja m'chiuno monga anatiphunzitsira, ndinakweza maso, ndipo kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, ndinaona ababa. Anali ataima, epuloni yawo ya kukhitchini ataipinda m'khwapa, chipewa chili m'manja ngati alowa m'tchalitchi. Munthu woti zaka makumi atatu sanajombepo, tsiku limenelo anasiya mphika wa bwana pamoto. Anali atatsinzinira maso awo ofooka aja kuti aone bwino, ndipo pambali pawo mnyamata wina ankaimba likhweru ndi zala ziwiri.

Woulutsa mwambo anabwera ndi maiki. Ankafunsa mtsikana aliyense funso limodzi, losavuta. Kwa ine anati, “Chemwali, tauzani anthuwa. Kukongola konseku, ndinu mwana wa ndani?”

Anandiika maiki pakamwa. Ndinamva mpweya wanga womwe ukutuluka m'masipika. Dzina linali pa lilime, koma mwini wake anali atandiuza kuti ndilisiye kunyumba, ndipo ndinaganiza kuti ndikalitchula nditavala chonchi, anthu a limana lonse adzamva, ndiye kuti ndawavula ababa pagulu monga ndavulira ine. Ndinatseka pakamwa.

Chete ameneyo, ana inu, anatalika. Anatalika moti ntchentche zinatera pa maiki n'kuikira mazira, mayi wina woyembekezera anachira pa benchi mwana n'kuyamba kukwawa, ndevu za majaji zinamera, dzuwa linaima pamwamba pa Soche kudikira kuti ndiyankhe, ndipo ine ndili chiimire, dzanja m'chiuno, mano ali pamtunda, ndikumwetulira monga anatiuzira kuti tisasiye kumwetulira zivute zitani. Woulutsa anabwereza funso. Anthu anayamba kuseka. Wina anakuwa kuti mwina alibe bambo. Pamenepo ababa anavala chipewa chawo, anatembenuka, anatuluka. Sanamenyetse chitseko. Anachibweza bwinobwino ngati mmene ankatsekera cha bwana.

Ine sindinawathamangire. Ndikanathamanga bwanji, pa gogoda, nditavala kansalu kaja. Ndinatsala mpaka mapeto, ndipo chisoti anandiveka ine, chisoti cholemera moti amuna anayi anachita kuthandizana, ndipo Giresi anandigwadira, ndipo anthu anandinyamula m'mwamba. Inde. Anandinyamula.

Kunyumba sanandithamangitse. Bola akanandithamangitsa. Ababa anapitiriza kudya zimene ndaphika, kuyankha moni wanga, koma dzina langa silinatulukenso pakamwa pawo. Akafuna madzi ankauza amayi kuti auze mwanayo. Lamulungu lotsatira sanaimirire kuwerenga Mawu, anakhala benchi yakumbuyo, ndipo udindo wa limana anautula okha popanda wowauza. Ntchito nayo inatha, poti nyama ya alendo a bwana inapserera tsiku lija. Patapita miyezi itatu anamanga katundu, iwo ndi amayi, kubwerera ku Nsanje. Pokwera basi anandigwira dzanja ngati mlendo. Ine ndinatsala mu Blantyre ndi kukongola kwanga, ndipo amuna amene ankaimba malikhweru aja anabweradi, mmodzi mmodzi, aliyense ndi malonjezo ake. Za iwowo sindinena. Palibe anakhalitsa.

Kawiri ndinalemba kalata. Kawiri ndinafika pa depoti n'kubwerera. Ndinkati ndidikire kaye ndikhale ndi kanthu m'manja, ndikawaonetse kuti sizinapite pachabe. Uthenga wa maliro a ababa unandipeza chaka chachitatu, nthawi ya mvula, msewu utaduka, ndipo ndinafika ataika kale dzulo lake.

Amayi anandiuza titakhala awiri kuseri kwa nyumba, akusola nthanga za maungu, osandiyang'ana. Anati Loweruka lija iwo ndi amene anatuma uthenga ku Kanjedza, ndipo ababa popita ku holo sanapite kukandikoka. Usiku wa Lachisanu anali atawauza amayi kuti mwanayu akufuna makinawo chifukwa cha ine, ndamulankhula mouma. Anapita kuti akaime kumbuyo, ndikapambana adzandithandize kunyamula.

Ndinafunsa ngati chinawapweteka chinali kansalu kaja. Amayi anapukusa mutu.

“Maso awo sankafika pa nsanja, mwananga. Sanaone chimene unavala. Anangomva. Anamva akukufunsa kawiri kuti ndiwe mwana wa ndani, ndipo iwe osayankha.”

Anati ababa mpaka masiku awo omaliza ankabwereza zomwezo, kuti mwana wanga anachita nane manyazi, poti ndine khukhi.

Mwasiya kuseka. Sekanibe, palibe chimene chisinthe. Ine ndayankha funso limene lija kambirimbiri, posesa muno, pokwera minibasi, pogona, ndine mwana wa a Zuze a ku Nsanje, khukhi wa ku Kanjedza, koma maiki anachotsa kalekale ndipo wofunika kumva uja kulibe.

Mukufunsa kuti nanga makina aja ali kuti. Ndinadziwa kuti mufunsa.

Makina anatenga Giresi. Atsikana sitinali mazana atatu, tinalipo asanu ndi mmodzi, ndipo ine ndinakhala wachinayi. Anandipatsa beseni la pulasitiki lobiriwira ndi botolo la mafuta odzola. Gogoda zija zinali zitandisupula zidendene mpaka magazi, choncho ndinazivula n'kuziponya m'besenimo, ndinasenza pamutu, ndinayenda chosavala nsapato kuchokera ku Zingwangwa mpaka ku Bangwe, ndipo pa msewu wonsewo palibe galimoto ngakhale imodzi imene inaima.