Kagetsi ka m'pikapu ndi maliro a kuchikamwini

Anzanga, ine cholinga changa chinali chabwino. Pikapu yanga ija mukuidziwa, yakale kuposa ukwati wanga, imene ndimanyamulira matemba ndi mpunga kuchokera ku Kachulu. Kagetsi kake ka m'kati, kaja kamayaka ukatsekula chitseko, kanafa kalekale, ndipo mayi a kunyumba ankadandaula kuti tikalawirira kunyanja amafufuza zinthu mopapasa. Ndiye Lachitatu lina ndinati ndikonza ndekha. Kagetsi kokha mpaka kwa makaniko ku Zomba?

Ndinagona chagada pansi pa chiwongolero n'kutsekula kabokosi ka mafyuzi. Zolemba za pachivundikiro zinafufutika kale, ndiye ndinkangozula imodzi, kuiyang'ana padzuwa, kubwezera. Imodzi inali yakupsa. Ya hutala yokha ndimaidziwa, ndinaizula n'kuika pamenepo. Getsi zii. Kenako ndinaona kawaya kochokera kuzitseko kakulendewera, ndipo pafupi pake pali waya wina wosupuka. Ndinati eya, awa ndi pachibale, n'kuwapotera pamodzi, kumata ndi tepi. Getsi zii ndithu. Ndinapsa mtima, kuzula fyuzi ya hutala ija, kuponya m'thumba la malaya, n'kusiya.

M'mawa mwake kunabwera uthenga woti amayi aang'ono a mkazi wanga atisiya kwa Mwambo. Malume a mkazi wangayo, mwini mbumba, munthu amene chikwatire amandiyesa mkamwini wongodya, anandiitana. “Akamwini, galimoto muli nayo. Tiyeni tikatenge bokosi ku Songani.” Mumtima ndinati lero ndi lero, anthu awa adziwa kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu.

Pobwerera, bokosi lili kumbuyo, msewu unadzaza njinga, ine n'kumangokuwa pazenera kuti apatuke. Malume anandiyang'ana cham'mbali. “Galimoto yopanda hutala? Mupha ana a eni.” Pamenepo ndinakumbukira kuti malaya ndi adzulo omwe aja. Ndinaima, osatsika n'komwe, kuwerama, kubwezera fyuzi pamalo pake. Kudina pachiwongolero, pii! Malume anagwedeza mutu movomera, ine kukondwa ngati ndapambana mayeso.

Tinafika pamasamba a pamsewu, ndinachepetsa liwiro mwaulemu wonse. Pasiwa anthu ali chete, azibambo zipewa zili m'manja, abusa ali pakati pa pemphero. Ndinazimitsa injini, n'kutsekula chitseko pang'onopang'ono.

Piiiiii!

Mayo ine! Amayi a nyimbo anadzambatuka, makanda kulira, abusa kutsekula maso. Ndinamenyetsa chitseko, hutala zii. Ndinaganiza kuti mwina ndadina ndi chigongono, ndiye ndinapinda manja. Malume anatsekula chawo. Piiiiii! Anatseka msanga mwaukali.

“Akamwini, kodi mwabwera kudzatenga mkwatibwi? Wagona m'nyumbamo ndi mlongo wanga!”

Ndinayesanso kutsekula chitseko pang'ono pokha, mwina sichimva. Chinamva. Mudzi wonse unali ukutiyang'ana, amuna awiri akuluakulu titatsekeredwa m'galimoto yosakhoma, abusa akudikira kuti amalize pemphero, ndipo mwambo sukanapitirira popanda mwini mbumba.

Malume anavula jekete, kulipinda bwinobwino, kulipereka panja. Kenako anatulutsa mwendo pazenera, kenako winawo. Adzukulu awiri anawalandira ngati thumba la mpunga, nsapato imodzi n'kutsalira m'kati. Ndinawaponyera. Inenso ndinatulukira pazenera langa, koma ine sanandilandire aliyense. Manyazi amene ndinamva, ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Titabwera kumanda ndinafotokozera mkazi wanga zonse, za waya, za tepi, kuti amvetse kuti silinali dala. Anamvetsera mpaka kumapeto.

“Bambo a Tamanda, fyuziyo munaika ndi manja anu?”

“Ee.”

“Nanga kuizulanso kunali kovuta?”

Anzanga, inali pafupi ndi bondo langa nthawi yonse ija. Zala ziwiri zokha zikanakwana.

Tsiku losesa, abale onse atakhala pansi kukamba za ana amasiye, malume anamaliza ndi mawu amodzi. “Ine ndikadzafa, bokosi langa mudzatengere pangolo. Ng'ombe ziliko ndi ulemu.” Palibe anayang'ana kwa ine, koma mapewa a anthu ankagwedera.

Kagetsi kaja mpaka lero sikayaka, ndinangogula tochi. Ndipo ndikulumbira pamaso panu, waya amene ndidzagwirenso ine ndi woyanikapo zovala basi.