Mayi Pask, Wobweza Alendo wa ku Stannerford

M'tauni ya Stannerford munalibe munthu wosadziwa kuti Mayi Winifred Pask, amene khonsolo inawalemba ntchito yokopa alendo, luso lawo lenileni linali lowabweza. Anakhala kuseri kwa tebulo mu ofesi ya alendo, pafupi ndi msika, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo pa zaka zonsezo pakamwa pawo sipanatulukepo mawu oyamikira tauniyo.

Mlendo ankalowa akumwetulira, kamera ili lendelende pakhosi.

"Mayi, kuno tingaone chiyani?"

"Mwabwera pa basi?"

"Eya."

"Ina inyamuka thu koloko. Mukafulumira mupeza mpando wa pawindo."

Ena ochokera ku America anafunsa za linga la mafumu akale lomwe lili pakaphiri.

"Miyala isanu ndi itatu ndi chikwangwani," anatero Mayi Pask osadzutsa mutu. "Chikwangwanicho n'chatsopano. Mukajambule chimenecho."

"Nanga mlatho? Akuti watha zaka mazana asanu!"

"Umawolotsa. Tsidya mukapeza zomwe mwasiya kunozi, kungoti kulibe chimbudzi."

Amene ankawadziwa bwino kuposa onse anali a Clement Oddy, mwini kaboti ka injini konyamula alendo pamtsinje. Kudziwana kwawo kunayamba ndi mkangano. Tsiku lina mlendo anawaululira a Clement zomwe anauzidwa ku ofesi, ndipo iwo anamangirira boti n'kukwera chitunda ali wefuwefu, chipewa chili m'manja.

"Mayi, mwati chiyani za boti langa?"

"Ndati popita munthu amaona abakha. Pobwera amaona abakha omwewo, koma cha kumbuyo."

"Mukundiphera bizinesi!"

"Ndanama?"

A Clement anaganiza, anaganizanso. "Pali atsekwenso."

"Awiri. Wina amaluma. Khalani pansi, bambo, mukundidonthezera madzi pa mapu. Tiyi mumathira shuga?"

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse boti lisananyamuke, a Clement ankamwa tiyi mu ofesimo. Iwo anali asanakwatirepo, ndipo amuna a Mayi Pask anamwalira kalekale, ndiye pamsika nkhani sinachedwe kupsa. Noreen wogulitsa zitumbuwa za nyama ankakuwa akawaona akudutsa: "A Clement, keke ya ukwati tidya liti? Mano akutithera m'kamwa ife!" A Clement ankangofiira makutu n'kuwonjezera liwiro. Koma boti linayamba kudzaza kuposa kale, chifukwa aliyense ankafuna kuona tsekwe woluma uja.

Mayi Pask anali ndi diso ndithu. Akaona mlendo wanyowa ndi mvula, kapena mwana wayamba kunyinyirika ndi njala, ankatsitsa magalasi.

"Ku hotela musapiteko, msuzi wake amatunga mumtsinjemu. Pitani kwa Noreen. Chitumbuwa chake sichinaphepo munthu."

Noreen atamva anasangalala ngati wapata mendulo. Analembetsa mawuwo pa thabwa n'kulikhoma pamwamba pa benchi yake: SICHINAPHEPO MUNTHU, ATERO MAYI PASK.

Wapampando wa khonsolo, a Lionel Frampton, zinthuzi zinkawadwalitsa mutu. Chaka china anawatumiza Mayi Pask ku maphunziro a masiku atatu ophunzira kulandira alendo mwansangala, n'kuwachenjeza kuti akapanda kusintha ntchito yatha. Mayiwo anabwerako, ndipo Lolemba lonse anamwetulira. Mwana wina atawaona analira mpaka kum'tulutsa panja. Abusa analowa kudzafunsa ngati dzino likuwawa. Lachiwiri m'mawa a Frampton anabwera okha.

"Mayi Pask, chonde, bwererani mwakale."

"Koma ndinakhoza mayeso, bwana. Satifiketi ndi iyi."

"Ibiseni."

Nthawi imeneyo n'kuti mbiri ya Mayi Pask itafika kutali. Madalaivala a mabasi a alendo ankalengeza polowa m'tauni: "Kumanzere kuli linga, kumanja kuli mlatho, koma ofuna kunyozedwa bwinobwino alowe khomo lobiriwiralo." Anthu ankaima pamzere mpaka panja, ena atakonzeratu mafunso, ndipo amene wayankhidwa mowawa kwambiri ankatuluka akudziguguda pachifuwa.

Mu Febuluwale wa chaka chatha, mtsinje uli wofiirira ndi matope, Mayi Pask anathira tiyi monga mwa masiku onse n'kunena kuti:

"Adokotala akuti nyengo ya alendo sindiiona. Chaka chino ndapulumuka."

A Clement anagwira kapu ndi manja awiri. Anayang'ana mapu apakhoma ngati tauniyo ndi yachilendo.

"Musandiyang'anire khoma, a Clement. Boti lanu lija limayenda m'nyengo yozizira?"

"Limayenda."

"Mundikweze. Ndalinyoza zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndi bwino ndikaone ngati ndinkanena zoona."

Anawakweza Lachinayi masana, awiriwiri, Mayi Pask atafunda bulangete mpaka m'khosi. Anadutsa pansi pa mlatho, anapitirira nyumba ya chigayo chakale, mpaka pokhota pomwe mitengo imaweramira m'madzi. Pamenepo a Clement anazimitsa injini. Anali ndi mawu amene anawasunga zaka zambirimbiri, ndipo ankadziwa kuti akapanda kuwanena tsiku limenelo sadzawanenanso.

"A Winnie..."

"Musayambe. Ndikudziwa. Ndinadziwa chaka cha chigumula chija, pamene munabwera ndi boti mpaka pakhomo panga pomwe madzi anali ofika m'kakolo basi."

"Nanga bwanji simunanene kanthu?"

"Simunafunse."

Boti linatembenuka lokha pang'onopang'ono, ndipo tauni yonse inaonekera: nsanja ya tchalitchi, utsi wa m'nyumba, matenti a pamsika. Mayi Pask anayang'ana nthawi yaitali. A Clement anadikira chipongwe, ndipo ankachifuna ndi mtima wonse. Koma mayiwo anangokoka bulangete.

"Pobwerera musathamange," anatero.

Anamwalira pakati pa Malichi. Pa maliro panabwera mabasi asanu ndi anayi opanda alendo, madalaivala okhaokha atavala mataye. Abusa anawayamikira kwambiri, akuti anali kuwala kwa Stannerford, mayi wokonda tauni yake. Noreen ananong'oneza a Clement kuti, "Akanamva zimenezi akanadzuka n'kutuluka." Anthu apafupi anaseka chamumtima, ena akupukuta misozi. A Clement sanaseke, sanalirenso. Ankangoona mng'alu umene unali pakhoma kuseri kwa abusa, n'kumaganiza kuti pakufunika simenti. Kunyumba anadya, anatsuka mbale, anakhala pampando kudikira kuti chisoni chifike. Sichinafike. Mawa lake anapenta boti, popeza Epulo, mwezi woyamba wa nyengo ya alendo, anali pafupi.

Khonsolo sinalembe munthu wina. Mu ofesi anaikamo makina a kanema amene munthu akangolowa amafuula okha kuti, "Takulandirani ku Stannerford, ngale ya pamtsinje!" Malinga ndi makinawo linga n'lochititsa kaso, mlatho n'ngodabwitsa, msuzi wa ku hotela n'ngosaiwalika. Alendo amamvetsera mwaulemu, amatenga kapepala, amajambula miyala ija, ndipo ikamakwana thu koloko amakhala atakwera kale basi popanda wowauza. Pamsika anthu amagula n'kumapita. Noreen anasiya kukuwa.

Loweruka lina mu Juni, bambo wina ndi mkazi wake anatsikira padoko akuyang'anayang'ana.

"Pepani, achimwene, mayi aukali a mu ofesi aja ali kuti? Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo anatiuza kuti tikusewera ndi tchuthi chathu. Tayenda maola asanu kuti adzatikalipirenso."

"Anamwalira mu Malichi," anatero a Clement. Anadabwa kumva mawu awo akutuluka bwinobwino, ngati akunena nthawi yonyamukira boti.

Bamboyo anavula chipewa. Mkazi wake anayang'ana kapepala kamene kanali m'manja mwake, kenaka anakapinda n'kukaika m'thumba.

"Ndiye titani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Boti likunyamuka."

Anakwera. A Clement anali ndi mawu amene ankanena pa ulendo uliwonse, za chaka chimene mlatho unamangidwa ndi za mwini chigayo amene anamira ataledzera. Anamasula chingwe, analiza injini, anadutsa pansi pa mlatho, anakafika pokhota, anatembenuka. Pomangirira boti padoko m'pamene anazindikira kuti ulendo wonse sanatsegule pakamwa. Alendo aja anathokoza n'kutsika, ndipo palibe anadandaula.