Masiku Omwe a Namakhwa Anapumira Nsomba

A Namakhwa, amene ajambula anthu ku Chilomoni kwa zaka zambiri, anandiuza izi pamene ine, mai wa Mvano, ndinapita kukapemphera nawo akudwala mwendo. Ndazilemba monga anazinenera. Pamene anakometsera akudziwa ndi Mulungu.

"Wokayika atuluke, chitseko icho! Ine ndinajambula nsomba yochepa ngati chala ichi, mamba ake onse kuwerengeka, ndiponso ndinaipulumutsa ndi mapapo angawa.

"Inali ya Mai Kambalame, amasiye aja. Amuna awo anasiya kansomba kamodzi kabuluu m'thanki yagalasi pabalaza, ndipo maiwo ankafuna chithunzi chake kasanafe. Tsono kamera ukaiyandikiza kwambiri imaona pang'ono: ukalunjika diso, mchira umachita mbuu. Nzeru yake n'kujambula kambirimbiri, kupotoza lensi pang'onopang'ono ngati ukuwopa kuidzutsa, ichi pamlomo, ichi padiso, ichi pachipsepse, kenako kompyuta n'kusankha pooneka bwino pokhapokha n'kulumikiza. Koma chojambulidwacho chisagwedere. Nsombatu iyi! Mukumva?

"Ndangoimika kamera, magetsi thi! Kapampu kopopera mpweya zii, kansomba kayamba kuyasamula pamwamba pa madzi, maiwo agwira kumutu: 'Achimwene, ndi chokhacho anandisiyira!' Ine kusolola bolopeni, kuchotsa kamtima kake, kuviika m'madzi, kuuzira, dzanja ili likupotoza lensi, chala ichi chikudina, phazi likugwira galasi lowalitsira dzuwa la pawindo, ndipo ndinauzira Lachiwiri lonse, Lachitatu lonse osameza ndi malovu omwe, masaya kutupa mpaka anthu a ku Zingwangwa kumafunsa ngati kwabwera tenti ya ukwati, mphepo kutha m'Chilomoni monse moti zovala sizinaume pa zingwe! Ndikafuna kudina ndinkangoti, 'Osagwedera, amwali!' monga ndinkauzira anthu ojambulitsa zithunzi za ziphaso, iko n'kuima njo, zipsepse m'mbali ngati msilikali. Zithunzi mazana asanu ndi anayi! Mukumva, mai a Mvano? Magetsi atayaka Lachinayi, pampu inachita manyazi. Kansombako kakali moyo, kakasambira mpaka lero."

Ndinafunsa mofatsa ngati ndingachione chithunzicho. Anasisita bondo lawo nthawi yaitali.

"Chilipo. Mamba onse mbee! Kungoti kompyuta italumikiza, kanatuluka ndi mitu itatu ndi maso asanu. Si kugwedera ayi, musandinamizire. Kanali kansomba kaulemu: kankacheuka kundithokoza."